Makoko oomberedwa kale: ndiyambire pamenepo kapena ndigule atsopano?

Kamtedza_Lephalale
Akuluakulu moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu pagulu lino osayankhulapo, lero ndabwera ndi yanga. Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire kuno ku Limpopo, chaka chino n'cha 14. Laisensi ya mfuti yanga ya .308 Winchester inatuluka chaka chatha, koma zipolopolo za m'sitolo zikundiboola m'thumba. Ndiye ndagula pulesi yakale yodzazira zipolopolo kwa mdala wina amene wasiya kusaka chifukwa maso afooka, pamodzi ndi ma die (zitsulo zofinyiramo makoko), sikelo ndi buku lake. Abwana atamva kuti ndikufuna kuyamba kudzazanso ndekha, andipatsa chidebe cha penti cha malita 5 chodzaza ndi makoko (mkuwa wotsala chipolopolo chikaomberedwa) amene alendo amasiya pamalo oyesera mfuti. Akuti onse anaomberedwa kamodzi kokha. Anga enieni, otuluka mu mfuti yangayi, ndili nawo 60 basi, a kampani imodzi. Ndiyambire za m'chidebezi, kapena ndilume mano ndigule atsopano? Safunsa anadya phula.

Wotchipa_Ndiye_Wanga
Mwapatsidwa chidebe chaulere ndiye mukufunsanso? Tsukani, dzazani, kaombeni nswala. Ine zaka 9 ndikutola pansi, maso onse awiri alipo.

Madala303
Mphwanga Kamtedza, ndikufunseni kaye. Abwana anuwo analipo pamene khoko lililonse linkaomberedwa? Mawu oti "kamodzi kokha" ndi ngati a wogulitsa galimoto, amene amati inkayendetsedwa ndi agogo popita kutchalitchi basi.

Kamtedza_Lephalale
Kkkk ayi madala, anyamata amangosesa n'kuthira m'chidebe alendo akapita.

Madala303
Ndiye tamverani. Mlenje wogula zipolopolo m'sitolo amasiya makoko pansi chifukwa alibe nawo ntchito. Amenewo ndi abwino ndithu. Koma mlenje wodzaza yekha sasiya khoko labwino pansi, amawerama n'kutola ngakhale nsana ukupweteka. Mukaona wasiya, dziwani kuti khokolo latha, walitaya dala. M'chidebe mwanumo muli mitundu iwiri yonseyi, ndipo pamaso amafanana.

Ine ndinaphunzira ndi nkhope. Lee-Enfield yanga ya .303, mtundu womwe uja ankanyamula asilikali a King's African Rifles, ili ndi chemba (malo amene chipolopolo chimakhala mu mfuti) chotakasuka monga zambiri za mtundu wake. Mnzanga wina anandipatsa makoko mu jumbo ya shuga, ine osafunsa kuti ayenda maulendo angati. Tsiku lina m'mawa kukuzizira, ndinagona pa matumba a mchenga kuyesa mfuti. Chipolopolo chachitatu chinalira mwachilendo, mpweya wotentha unandiwomba patsaya ngati wina wandiwaza mchenga wa pamoto. Nditakoka bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo m'chemba), panangotuluka katsinde kokha ngati ndalama yachitsulo, thupi lonse la khoko latsalira m'chemba. Mwayi ndinali nditavala magalasi. Chotsalacho ndinachitulutsa ndi bulashi yotsukira yokulirapo, kuikankhira mkati n'kuikoka. Nditafika kunyumba ndinadula makoko ena 5 a mu jumbo ija ndi sowo, atatu anali ndi kangalande mkati, pamwamba pang'ono pa tsinde. Onse ndinawaphwanya ndi hamala.

Wotchipa_Ndiye_Wanga
Madala, .303 imadya makoko, aliyense amadziwa. Musaopseze mwana ndi matenda a mfuti ya nthawi ya atsamunda.

Madala303
Mfuti ya atsamundayo yadyetsa ana anga nyama zaka zambiri kuposa zimene inu mwakhala mukumeta ndevu.

Injiniya_Kempton
Onse awiri muli ndi mbali yoona, koma tiyeni timuuze mnzathuyu chimene chimachitika mkatimo kuti aziweruza yekha.

Khoko limapangidwa ndi mkuwa wosakaniza, magawo 70 kopa, magawo 30 zinki. Mukaomba .308, mphamvu ya mkati imaloledwa kufika 62,000 psi pa muyezo wa ku America. Kutsogolo khoko ndi lopyapyala, ndiye limafufuma n'kukakamira makoma a chemba. Tsinde ndi lochindikala, silikakamira, limakankhidwira kumbuyo mpaka litagunda nkhope ya bolt. Kutsogolo kwagwira, kumbuyo kukuyenda, ndiye pakati pamatamuka. Pamene pamatamukapo ndi paja a Madala apeza kangalande.

Kenako inu mumalilowetsa mu die, n'kulifinya kuti libwerere muyezo wake. Mukakankhira phewa kumbuyo mopitirira, mwalipatsanso malo oti litamuke ulendo wotsatira. Mkuwa wofinyidwawo ulibe kopita koma kukhosi, n'chifukwa chake khoko limatalika. Mukamadula pakamwa, mkuwa mukutayawo wachoka kutsinde. Mabuku ena amati khoko mukalidula kanayi, ulendo wachisanu musadulenso, litayeni. Tsono la m'chidebe mudziwa bwanji kuti ladulidwa kangati?

Makoko anu 60 aja ali ndi mwayi umene a m'chidebe alibe: anafufuma molingana ndi chemba cha mfuti yanu. Ikani die yanu kuti phewa lizibwerera pang'ono chabe, ngati 0.05 mm, ndipo adzakhalitsa. Ine ndikanakhala inu ndikanayambira amenewo. Kugula atsopano sikofunika panopa, ndalamayo gulani kalipa yabwino, chida choyezera utali molondola.

Kamtedza_Lephalale
Zikomo bwana Injiniya. Kalipa ndilibe, ndimaganiza kuti rula ikwana.

Injiniya_Kempton
Ayi ndithu. Khoko la .308 lisapitirire 51.18 mm, ndipo podula timabweza pa 50.93 mm. Kusiyana kwake ndi kota ya milimita, rula singakuuzeni. Likatalika kwambiri, kamwa lake limakapanikizika kumene chemba chimathera, limaluma mutu wa chipolopolo osafuna kuusiya, mphamvu n'kukwera modzidzimutsa ngakhale onga mwayeza bwinobwino.

NaPhiri_Leeds
Pepani ndilowerere. Mawu oti "makoko" mwawatenga kuti? Ine kwathu ku Dedza makoko ndi a chimanga ndi nyemba kkkk.

Mbewa_Zatha
Nanga mukufuna tiziti chiyani mayi? Chipolopolo chikatha kudyedwa chotsala ndi khoko basi. Anyamata a kuno amati ma doppie, kutengera Afrikaans.

NaPhiri_Leeds
Chabwino ndagonja. Koma changa chenicheni ndi ichi, poti ndine namwino ndipo bambo a kunyumba kuno amadzazanso okha za agwape. Fumbi lotuluka potsuka makoko si fumbi wamba. Mapulayima (tizitsulo ta kutsinde kwa khoko toyatsira onga) ambiri ali ndi mtovu, ndipo mwaye umene umatsala m'khoko uli ndi mtovuwo. Makina ogwedeza otsukira makoko aja mukawatsegula m'nyumba, fumbilo limakhala pa tebulo, pa zovala, pansi pamene mwana akukwawa. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo sabwerera. Achimwene a Kamtedza, ngati muli ndi ana, chidebecho chisalowe m'nyumba yogona. Sankhirani panja, sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, ndipo beseni lotsukira makoko lisabwererenso kukhitchini.

Kamtedza_Lephalale
Mayi mwandigwira pamtima. Ndili ndi wa zaka 2, ndipo dzulo lomweli ndinamupeza akusewera ndi makoko awiri ngati maseche. Chidebe chapita ku shedi.

Wotchipa_Ndiye_Wanga
Pa za mwana sinditsutsa. Koma pa za chidebe ndikanabe. Anthu inu mukuyankhula ngati khoko lililonse lotola ndi njoka. Ndikuuzeni mmene ndimachitira, muone ngati ndine wopenga.

Ndimakhuthula onse pa chiguduli padzuwa. Ndimadutsitsa maginito pamwamba, achitsulo amakakamira, amenewo kutaya. Kenako ndimawerenga zolembedwa kutsinde, limodzi limodzi, chifukwa .243, 7mm-08 ndi .308 ndi ana a mayi mmodzi, thupi ndi lofanana, kusiyana ndi khosi. Ndimawapatula potengera kampani: PMP paokha, Hornady paokha, Sako paokha, Federal paokha. Kenako ndimayang'ana zizindikiro zoti wina analidzazapo kale. Khoko lochoka ku fakitale pakamwa pake sipakhala posemedwa mkati ndi kunja, ndipo pathupi sipakhala timizere ta die. Pa mkombero wa tsinde, chokokera cha bolt chimasiya kachipsera nthawi zambiri. Mukapeza tizipsera tinayi kapena tisanu mozungulira, limenelo ndi gogo. Lililonse lokayikitsa ndimaponya m'thumba la ogula zitsulo zakale, amagula pa kilo, ndalamayo ndimagulira mapulayima. Kodi pamenepa ndalakwa chiyani?

Injiniya_Kempton
Simunalakwe. Koma onani kutalika kwa zimene mwalembazi poyerekeza ndi "tsukani, dzazani, kaombeni" munanena poyamba paja.

Mbewa_Zatha
Kkkkkk agwidwa.

Wotchipa_Ndiye_Wanga
Ndimafupikitsa nkhani, data yadula.

Madala303
Mwaiwala kawaya. Tengani kawaya kopanira mapepala, kawongoleni, pindani kunsonga pang'ono ngati mbedza, nolani nsongayo pa mwala. Lowetsani m'khoko mpaka pansi, muzikanda khoma pokweza pang'onopang'ono. Khoma labwino ndi losalala. Mukamva kambedza kakodwa, ngati khasu lagunda muzu, ndiye kangalande kaja. Nthawi zina kunja kumaoneka kamzere kowala kozungulira pamalo omwewo, koma osadalira maso okha, chifukwa die nayonso imasiya mzere wake pamene yalekezera, ndipo woyamba kumene sasiyanitsa. Mphwanga, dulani khoko limodzi m'litali ndi sowo muone mkati ndi maso anu. Mukaona kamodzi, chala chidzadziwa chimene chikufuna.

Chipolopolo2012
Bwanji nonse, kuno ku Kitwe. Ine sindisaka, ndimangokonda kuwerenga. Koma ndikumbutseni kuti kopa mukukambayo mwina anachoka pansi pa nyumba yanga. Ndipo Chipolopolo yeniyeni inaomba kamodzi ku Libreville, Ivory Coast n'kugwa. Flames yanu idzazeninso onga.

Mbewa_Zatha
Inaomba kamodzi kokha zoona, mpaka lero sinadzazidwenso kkkk.

Chipolopolo2012
Iwe, kapu tili nayo. Onetsa yako.

Woyang'anira_Gulu
Za mpira zili ndi malo ake abale. Tibwerere ku chidebe.

Nyumbu_Yakuda
Chinthu chimene palibe watchula: makoko a usilikali. Kuno ku South Africa m'chidebe chilichonse cha .308 mumapezeka a 7.62x51, ofanana maonekedwe ndi a .308, chifukwa asilikali ankagwiritsa ntchito mfuti ya R1 zaka zambiri ndipo zipolopolo zotsala zinafalikira. Ambiri akale a kuno ndi a mtundu wa Berdan. Walitsani tochi m'kamwa mwa khoko muyang'ane pansi. Mukaona kabowo kamodzi pakati penipeni, ndi Boxer, die yanu itulutsa pulayima bwinobwino. Mukaona timabowo tiwiri tating'ono m'mbali, ndi Berdan, ndipo kasingano ka die yanu kotulutsira pulayima kakagunda mkuwa wosaboola n'kuthyoka. Ine ndinathyola tiwiri sabata imodzi ndisanamvetse.

Chodabwitsa n'chakuti Hiram Berdan anali wa ku America, Edward Boxer anali msilikali wa ku Britain, koma dziko lililonse linakakonda nzeru ya mlendo. America inatenga ya Boxer, ku Ulaya asilikali anakhala zaka zambiri ndi ya Berdan.

Ngakhale a usilikali amene ali Boxer, monga ambiri okhala ndi kamtanda mkati mwa kabwalo, chizindikiro cha NATO, ali ndi zovuta zawo. Pulayima amaitsekera ndi kamkombero kapena timakanda titatu kuti isagwe mu mfuti zodziombera zokha. Yakaleyo ituluka movutikira, koma yatsopano silowa mpaka mutachotsa kamkomberoko. Komanso makoma ake ndi ochindikala, malo a onga mkati ndi ochepa. Onga womwewo umene uli bwino m'khoko la alenje ukhoza kukweza mphamvu m'khoko la usilikali. Kwa munthu woyamba kumene, amenewo ayikeni pambali kaye.

Kamtedza_Lephalale
Ndangopita ku shedi ndi tochi ya foni. A timabowo tiwiri alimo ambiri! Ena ali ndi mizere yakuda m'litali thupi lonse ngati mbidzi. Ndi chiyani chimenecho?

Nyumbu_Yakuda
Amenewo anatuluka mu G3 kapena mfuti ya mtundu wake. Chemba chake chili ndi tingalande dala kuti khoko lisakakamire. Ena amawadzazanso, ine sindivutika nawo. Mfuti zimenezo zimakoka khoko mwankhanza n'kuliponya kutali, pakamwa n'kuphwanyika.

Mlimi_wa_Mchinji
Abale ine ndili kumudzi kuno. Nguluwe zatha chinangwa changa. Amalume ali ndi gogodela, amati onga amapanga okha. Kodi makoko amenewa mungatumize pa basi tiyese kuno?

Woyang'anira_Gulu
Bambo a ku Mchinji, ayi. Pagulu lino sitithandizana kutumiza zida kudutsa malire kapena kupanga onga. Amene akukambirana panowa ali ndi malaisensi m'maiko amene akukhala. Ku South Africa lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokhayo, ndipo limaika malire: zipolopolo 200 ndi mapulayima 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha ngati munthu analembetsedwa ngati mlenje kapena woombera mipikisano wokhazikika. Mlendo sapatsidwa laisensi n'komwe ngati alibe chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Kumudziko mfuti yopanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu imafika zaka 30. Za nguluwe kaonaneni ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire kudzera kwa amfumu kapena alangizi.

Mlimi_wa_Mchinji
Ndamva bwana. Koma akamabwera a nthambiwo chinangwa chitatha.

Madala303
Zimenezo n'zoona ndipo zimapweteka, ine ndinakulira m'munda. Koma gogodela ndinaiona itang'ambika mpope m'manja mwa munthu ndili mnyamata, zala ziwiri zinatsala m'tchire. Kumbani dzenje m'malire a munda, gonani ku msasa ndi agalu monga ankachitira makolo. Amalumewo muwauze kuti madala ena a ku Musina apereka moni.

NaPhiri_Leeds
Kuno ku Britain nakonso sungagule ngakhale mapulayima opanda kuonetsa satifiketi ya mfuti. Makoko opanda kanthu okha ndiye savuta.

Kamtedza_Lephalale
Funso lina. Ambiri m'chidebemu ndi akuda bii, ena obiriwira. Mkazi wanga akuti tipukute ndi Brasso awale ngati mendulo.

Injiniya_Kempton
Musayerekeze! Mankhwala opukutira okhala ndi amoniya ndi mdani wa khoko. Nkhani yake ndi yakale. Asilikali a Britain ali ku India ankadabwa kuti zipolopolo zawo zikung'aluka zokha nyengo ya mvula. Kunapezeka kuti ankazisunga m'makola a akavalo, ndipo amoniya wochoka mu mkodzo wa akavalo, pamodzi ndi chinyezi, ankang'alula mkuwa pamene unali wokokeka, makamaka pakhosi. Ndiye inu a pa famu, onaninso kumene mwaika chidebecho. Ngati shediyo ndi yosungiramo feteleza kapena ili pafupi ndi khola, chotsanimo.

Kuwala sikuombetsa bwino. Chofunika ndi kuchotsa mchenga kuti usakande die. Madzi ofunda, sopo wa mbale pang'ono, madzi a ndimu pang'ono, mphindi zochepa, tsukuluzani bwino, yanikani padzuwa la ku Lephalale limene limaumitsa ndi munthu yemwe. Musawaiwale m'madzi a asidi usiku wonse. Mukaona mawanga ofiirira ngati kopa, ndiye kuti zinki wachoka pamenepo. Obiriwira odyeka, okhala ndi timaenje, tayani.

Mbewa_Zatha
Makina ogwedeza aja mukudziwa amathiramo chiyani? Zitsononkho zogaya! Ndinagula thumba lolembedwa Chingerezi chambiri, nditatsegula ndinaseka ndekha. Zimene amayi amasonkhera moto kumudzi ine ndagula ndi ma rand.

Wotchipa_Ndiye_Wanga
Bizinesi imeneyo amwene. Tikagaye ku Lizulu tizitumiza.

Nyumbu_Yakuda
Poti mwatchula kuyanika: osayanika pamoto kapena pa mbaula. Ndipo a Kamtedza, funsani anyamata osesawo ngati ena anawatola pa lupsa. Pa mafamu timatentha udzu chaka ndi chaka, ndipo khoko limene ladutsidwa ndi moto limafewa thupi lonse mpaka kutsinde. Tsinde liyenera kukhala lolimba, ndi limene limatseka mphamvu yonse ija kuti isabwere kumaso kwanu. Lofewa silionetsa kangalande, kawaya ka a Madala sikalipeza. Lililonse looneka lopserera, losintha mtundu mpaka pansi, phwanyani ndi pulayala kuti wina asadzalitolenso.

Kamtedza_Lephalale
Koma ndinaona pa YouTube anthu akuwotcha makoko dala ndi gasi. Si zomwezo?

Injiniya_Kempton
Amawotcha khosi ndi phewa zokha, masekondi ochepa, tsinde osalola kuti litenthe. Mkuwa ukamapindidwapindidwa umauma ngati waya amene mwamupinda kambirimbiri, kenako khosi limang'aluka. Kutentha kumalifewetsanso. Koma zimenezo ndi za chaka chamawa. Panopa khosi likang'aluka tayani, mwataya khoko limodzi basi. Mukalakwitsa kuwotcha mutaya zambiri.

Gogo_Sikelo
Ndawerenga zonse mwakachetechete. Ine ndili ndi zaka 67, ndinayamba kudzaza onga wa ku South Africa wotchedwa Somchem usanayambe kusowa. Paja fakitale yopanga ongawo ya ku Somerset West itaphulika mu September 2018, anthu 8 n'kumwalira, zinthu zinavuta ndipo ambiri tinasamukira ku onga wakunja. Ndikutchula zimenezi chifukwa nthawi imeneyo ndinaona anthu akusintha onga, makoko ndi mapulayima nthawi imodzi, zikavuta osadziwa kuti cholakwa n'chiti.

Mwana wanga Kamtedza, vuto la chidebe si ngozi yokha. Vuto ndi lakuti chidzakusokoneza pophunzira. Iwe panopa sudziwa kuti pulayima yolowa bwino imamveka bwanji m'dzanja. Sudziwa kuti chogwirira cha pulesi chimalemera bwanji khoko likamafinyidwa bwino. Ukayamba ndi makoko 60 ofanana, a kampani imodzi, oomberedwa kamodzi mu mfuti imodzi, onse adzamveka chimodzimodzi. Tsiku limene limodzi lidzamveke mosiyana, dzanja lidzaima lokha. Ukayamba ndi chisakanizo, lililonse limamveka mwa lokha, ndiye chachilendo udzachidziwa bwanji?

Chitsanzo ndi kadzenje ka pulayima. Khoko limene linadzazidwa mopyola muyezo limafutukuka kutsinde, pulayima yatsopano imangolowa ngati phazi mu nsapato ya bambo ako. Limenelo ndi lotaya, chifukwa mpweya udzatulukira m'mbali n'kudya nkhope ya bolt. Koma "kulowa mosavuta" ndi mawu chabe mpaka utalowetsa 60 zolimba bwino.

Tenga kabokosi, lemba papepala: kampani, tsiku, ulendo wachingati, wadula kangati. Makoko 60 amenewo aziyenda limodzi ngati ng'ombe za khola limodzi. Onga uyambire pa muyezo wotsikitsitsa wa m'buku la kampani ya ongayo, uzikwera pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene udzasinthe mtundu wa khoko ubwererenso pansi. Muyezo wa munthu wa pa intaneti, ngakhale wanga, usautenge.

Wotchipa_Ndiye_Wanga
Agogo mwanena bwino, koma 60 ndi ochepa. Kuyesa muyezo kokha atha 30.

Gogo_Sikelo
Atha bwanji? Akaomba amatola n'kudzazanso. Si ndiye nkhani yonse imene tikukamba pano?

Mbewa_Zatha
Lero a Wotchipa sizikuwayendera kkkk.

Wotchipa_Ndiye_Wanga
Ndikutanthauza kuti adzakalamba msanga onse pamodzi. Koma chabwino. Langizo langa lomaliza, laulere ngati chidebe: a m'chidebewo ukadzawafuna, uwafinye thupi lonse, osati khosi lokha, chifukwa anafufuma m'chemba cha eni ake. Ukatero yesa khoko lopanda kanthu mu mfuti yako uone ngati bolt ikutseka mosavuta, usanathire onga. Ine ndinadzaza 40 osayesa, ndinakazindikira kutchire ngoma itaima patsogolo panga, bolt yakana kutseka. Ngomayo inandiyang'ana ngati ikundimvera chisoni n'kumapita. Ndipo usaiwale mafuta pa khoko polowetsa mu die. Louma limakakamira, mkombero n'kuduka, tsiku lonse n'kuthera kulikumba. Koma paphewa usapake, limabonyoka.

Madala303
Apa ndiye mwayankhula ngati munthu wamkulu.

Kamtedza_Lephalale
Ndabweranso abale, papita masabata awiri. Kalipa ndinagula ku Polokwane. Chidebe ndinachikhuthula Lamlungu pansi pa mtengo, mwana ali kutchalitchi ndi mayi ake. Zinanditengera tsiku lonse. Pafupifupi theka sanali a .308 n'komwe: .243, .270, .30-06, ndi atatu akuluakulu a .375 H&H amene ndawaika pawindo ngati maluwa. A Berdan anadzaza chitini cha khofi. Kawaya kanakodwa mwa 11, ndinadula limodzi monga munanenera a Madala, kangalande ndinakaona ndi maso, thupi linachita tsembwe. Otsala ooneka bwino, a kampani imodzi ndi anga aja, alipo 74. Ndawatsuka, ndawaika m'botolo lolembedwa kuti "a alendo", adikire.

Anga 60 ndinawayeza, 9 anali atapitirira kale 51.18 mm ataomberedwa kamodzi kokha ndi kufinyidwa, zimene sindinayembekezere. Ndawadula onse mofanana. Ndadzaza 15 pa muyezo wotsikitsitsa, Loweruka ndikayesa.

Koma ndiulule. Limodzi la Berdan linazembera m'gulu la 74 lija, ndipo ndinafuna kungoyesa die pa khoko la alendo ndisanagwire anga. Kasingano kanathyoka, phokoso lake ngati wathyola fupa la nkhuku. Ndinadikira masiku 6 kuti kena kafike.

Nyumbu_Yakuda
Takulandirani m'banja. Munagula kamodzi kapena tiwiri?

Kamtedza_Lephalale
Kamodzi.

Nyumbu_Yakuda
Itanitsani kena lero lomwe. Ndipo botolo la alendolo mulibwereze ndi tochi yeniyeni, osati ya foni.

NaPhiri_Leeds
Nanga atatu a pawindowo mwawatsuka? Wa zaka 2 uja amafika pawindo.

Kamtedza_Lephalale
Mayi inu muli ndi maso a kadzidzi. Ndikukawachotsa pompano.